Kodi Woima ndi Kupenya Alibe Mlandu?

Pa maliro onse amene ife akatekisti timaitanidwa kukatsogolera mapemphero, ovuta koposa ndi a munthu wofera pa msewu. Wodwala timamdwazika, wokalamba timamuona akufooka pang'onopang'ono, ndipo mitima imakonzekeratu. Koma munthu amene anacoka pakhomo m'mawa ali wamphamvu, nafa masana pakati pa anthu mazanamazana akupenya, timasowa mau owauza amai ake. Funso limene anamfedwa amafunsa ndi limodzi nthawi zonse: kodi pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe womleretsa?

Dziko lathu la Zambia likudziwa imfa za pa msewu za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa imfa zocitika pamene apolisi akubalalitsa anthu. Mu Disembala 1986, boma litakweza mtengo wa unga, ku Migodi kunabuka cipolowe ndipo anthu 15 anafa. Mu Juni 1990 unga unakweranso, ophunzira a pa University of Zambia anayamba zionetsero, makomboni a mu Lusaka anatsatira, ndipo m'masiku owerengeka anthu oposa 20 anataya miyoyo. Ife amene tinali acinyamata masiku amenewo tinkaganiza kuti zotere zidzatha pamodzi ndi ulamuliro wa cipani cimodzi mu 1991. Koma mu Okutobala 2018 wophunzira wina wa pa yunivesite yomweyo, Vespers Shimuzhila, anafa ndi utsi m'cipinda cake cogona usiku umene apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi ku nyumba za ophunzira. Pa 23 Disembala 2020 Joseph Kaunda ndi Nsama Nsama anaomberedwa pafupi ndi likulu la apolisi mu Lusaka. A Nsama anali loya wa boma, ndipo sanali nawo m'gulu la anthu amene anali kubalalitsidwa.

Pa imfa zimenezi anthu amadandaula mokweza, ndipo nkoyenera. Kusonkhana mwamtendere ndi kunena zakukhosi ndi ufulu wa nzika iliyonse. Lamulo la Public Order Act linakhazikitsidwa ndi atsamunda mu 1955, nthawi imene makolo athu anali kumenyera ufulu. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake, Khoti Lalikulu linagamula kuti kukakamiza nzika kupempha cilolezo ca apolisi zisanasonkhane kunali kotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mfuti imene wapolisi anyamula inagulidwa ndi msonkho wathu kuti ititeteze, ndipo iye akaiomba pa anthu opanda zida ayenera kuyankha mlandu monga wina aliyense.

Koma pali mtundu waciwiri wa imfa, umene sitiukamba kawirikawiri cifukwa wopalamula sabvala yunifomu. Mu Epulo 2016, mitembo ingapo yodulidwa ziwalo itapezeka m'makomboni ena a mu Lusaka, inamveka mphekesera yakuti ocita zimenezi ndi alendo a ku Rwanda. Masitolo ao anaphwanyidwa, katundu anatengedwa, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo. Apolisi atafufuza anapeza kuti awiriwo anali a Zambia anzathu. Kumayambiriro kwa 2020 kunadza mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Nkhaniyi inayambira ku Chingola, nifalikira m'zigawo zina, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ambiri mwa iwo analibe mlandu wina koma kuti nkhope zao sizinali zodziwika pamalopo.

Tikafunsa cifukwa cake, yankho limabwera msanga: "Tikampereka ku polisi, mawa timuona ali pa msika." Dandaulo limeneli lili ndi mbali yoona. Kumene anthu aona apolisi akufika mocedwa pa kawalala koma mofulumira pa zionetsero, cikhulupiriro cimatha, ndipo cikatha aliyense amadziika yekha kukhala woweruza. Apa m'pamene mitundu iwiri ya imfa ija ikumanira. Komabe tikumbukire kuti khoti likalakwa pali khoti lina lokonza, ndipo womangidwa popanda cifukwa angathe kumasulidwa. Gulu la anthu likalakwa, cotsala ndi kukumba manda.

Amene anaonapo gulu lotere adziwa mmene limakhalira. Oponya miyala ndi onyamula mafuta samapitirira khumi kawirikawiri. Ena onse, mazanamazana, amangoima mozungulira, ena atanyamula ana, ena akujambula ndi mafoni. Aliyense wa iwo akabwerera kwao amati, "Ine sindinamkhudze." Koma bwalo lao ndilo mpanda umene umamtsekera munthu uja njira yothawira, ndipo maso ao ndiwo amalimbitsa mtima oponya miyala. Mnyamata amene sakanayerekeza kupha ali yekha amapha cifukwa akuona akuluakulu ali cete, nayesa kuti kukhala cete kwao ndiko kubvomereza. Buku la Macitidwe a Atumwi silinena kuti Saulo anaponya mwala pa Stefano. Iye anangosunga zobvala za oponyawo, koma mlanduwo anausenza mumtima mwake kufikira atakhala mtumwi.

Wina adzati, "Nanga ndikalowererapo, sadzandipha inenso?" Mantha amenewa si opusa. Gulu lokwiya limafulumira kunena kuti woteteza kawalala ndi kawalala mnzake, ndipo palibe amene akukakamizidwa kudziponya yekha pa moto. Koma pakati pa kufera pamenepo ndi kungopenya pali njira zambiri.

Tinaonapo ndi maso athu pa msika wina wa m'komboni, mnyamata atagwidwa kuti waba foni. Makofi anali atayamba, ndipo wina anali atathamangira thayala. Amai anai ogulitsa tomato ndi kapenta ananyamuka pamodzi, namzungulira, nakhala pansi momuika pakati. Mmodzi wa iwo, wacikulire, anayamba kuchula omenyawo maina mmodzimmodzi: "Iwe, si ndiwe mwana wa amake uje? Amai ako adziwa kuti uli pano?" Woitanidwa dzina aliyense anagwetsa nkhope, nabwerera m'mbuyo. Bambo wina anali atathamangira kale ku polisi. Mnyamatayo anakayankha mlandu wake ali wamoyo.

Pamenepo tinaphunzirapo zinthu zitatu. Coyamba, wolowererapo asakhale yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu atatu kapena anai odziwika pamalopo akaima pamodzi, gulu limayamba kukayika. Caciwiri, munthu ali m'gulu amaiwala kuti ndi yani, koma akamva dzina lake amakumbuka kuti mawa adzakumana ndi anthu omwewa. Cacitatu, nthawi yoleretsa ndi poyambirira, mau akali mau, mwala woyamba usanagwe. Nkhani ya Suzana m'buku la Danieli itiphunzitsa zomwezo: msonkhano wonse unali kumtengera kukamupha, ndipo mnyamata mmodzi anaubweza pongopempha kuti mboni zifunsidwe bwino.

Palinso nchito za amene sangathe kuima pakati pa gulu. Khomo lotseguka lapulumutsa anthu ambiri. M'cipolowe ca 2016, alendo mazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius mu Lusaka, ndipo akhristu anawasunga ndi kuwadyetsa. Kukana kufalitsa mphekesera nakonso ndi kuleretsa. Mu 2020 mantha anayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa galimoto la apolisi, ndipo uthenga uliwonse wosatsimikizika umene munthu anautumiza kwa anzake unali nkhuni yoonjezera pa moto.

Udindo womwewu tili nawo pamene womenya ndi wapolisi. Sitinena kuti nzika ilimbane ndi munthu wonyamula mfuti. Koma amene anaona asunge cimene anaona: tsiku, ola, malo, nambala ya galimoto. Bungwe loona za ufulu wa anthu, la Human Rights Commission, linafufuza imfa za pa 23 Disembala 2020 ndi kupeza kuti awiri aja anaphedwa ndi apolisi. Kufufuza kotere kumatheka pokhapokha mboni zikalimba mtima ndi kulankhula. Tisaiwalenso kuti apolisi ndi ana athu. Timapemphera nao, ena amaimba m'kwaya, ena tinawaphunzitsa katekisimu. Mai kapena mkazi wa wapolisi ali ndi mphamvu yomuuza madzulo kuti anthu amene adzaima patsogolo pake mawa ali ndi amai ao, ndi kuti lamulo lakuti aombere anthu opanda zida silicotsa mlandu pa dzanja limene laomba.

Kulimba mtima sikumera mwadzidzidzi pa tsiku la cipolowe. Ncifukwa cake tikupempha Miphakati yathu kuti ikambirane nkhaniyi kukali bata. Pa komboni pathu kapena pamudzi pathu, ndani amene mau ao amamveka? Ndani ali ndi nambala ya polisi yapafupi? Ndi nyumba iti imene wothamangitsidwa angalowemo? Makolo nao auze ana ao momveka kuti wa m'banja lino sathamangira kukaonerera munthu akumenyedwa, ndipo sanyamula katundu wa m'sitolo yophwanyidwa.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Tonsefe timayenda, ndipo tsiku lina aliyense wa ife, kapena mwana wathu, adzatsika basi pa malo pamene palibe womdziwa. Wina akadzaloza cala ndi kupfuula, moyo wake udzakhala m'manja mwa anthu oima mozungulira.