Galasi la Kamera Likamazimazima

Chinthu chikafa timadziŵa chochita. Chosautsa ndi chimene chimafa Loŵeruka pa ukwati, koma Lolemba pamaso pa mmisiri chili gwa. Ndimo limachitira galasi loonetsa zithunzi kumbuyo kwa kamera, limene ana athu amati sikirini.

Achinyamata amathamangira kuimenya kamerayo ndi chikhatho. Ife tikuti lekani, yambani mwapenyetsetsa. Kamera zina zili ndi kadiso pafupi ndi posuzumira, kamene kamazimitsa galasi nkhope ikayandikira. Fumbi la m'chilimwe, ngakhale chala, zimakanamiza. Kapukuteni. Dinaninso batani la DISP, ndi kupukuta tizitsulo ta batire ndi nsalu youma.

Koma likamazima pokhapokha mukalitembenuza, nthenda ili m'kalamba kopyapyala ka mawaya kodutsa pamene galasilo limapindikira. Kupindapinda kwa zaka kumakathyola pang'onopang'ono, ndipo kumenya kuja kumangomalizitsa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Musatsegule nokha, pakuti magetsi a fulashi amakhalabe m'kati, ndipo angakugwireni ngakhale mutachotsa batire.

Musanapite nayo, tulutsani khadi mulisunge kunyumba. Zithunzi za agogo zili m'menemo, osati m'galasi.