Misozi ya Mwana Si Malonda

Madzulo ena kwathu ku Maramba, muno mu Livingstone, mwana wanga wamkazi anandipempha kuti tiyambe kujambula za pakhomo pathu. "Amayi, anzathu akulemera nazo," anatero, akundionetsa Uthando Nes'thembu, pulogalamu ya banja la Musa Mseleku la ku South Africa imene inayamba mu 2017. Atate ake anali atachotsedwa ntchito ku hotela, ndipo lendi inali kutivuta. Ndisabise, mtima wanga unakopeka.

Koma ndinakumbukira Jon ndi Kate Gosselin a ku America. Kuyambira 2007 anthu ankaonerera ana awo 8 akudya, akulira, akudzudzulidwa. Mu 2009 ukwatiwo unatha dziko lonse likupenya.

Usiku womwewo mdzukulu wanga anakodza pogona, nadzuka akulira ndi manyazi. Pomusambitsa mwakachetechete ndinadzifunsa: manyazi amenewa ndingawagulitse ndalama zingati? Mwana angaikane bwanji kamera, pamene woigwira ndiye amam'patsa nsima?

M'mawa ndinabwerera kukagulitsa tomato kumsika. Lendi tinalipira mochedwa. Pa Misa ndinalingalira Banja Loyera: za zaka zambiri za Yesu ku Nazareti, Mthenga Wabwino utiuza zochepa kwambiri.