Utsi, nthiti za nkhumba ndi mapointi a MSCE

Ife a Jogalafe timaphunzitsa zinthu zambiri zimene sitinazionepo. Chaka ndi chaka timajambula pa bolodi madzi ozizira a Benguela, timatchula ng'ombe za ku Texas, ana n'kulemba, n'kukhoza. Koma mphunzitsi ndi mwana yemwe, palibe amene akudziwa kuti nsomba ya m'madzi amchere imakoma bwanji. Lero ndikufuna ndikambe za chakudya chimene ndinadya kunja, ndi funso limene ndinabwerera nalo.

Mu Disembala 2022 ndinapita ku Johannesburg kukaona achemwali anga. Ulendo wake mukuudziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, masiku awiri miyendo ili chotupire. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi 4 anamva kuti ndafika. Iyeyu MSCE anakhoza, koma mapointi ake sanamufikitse ku yunivesite, ndiye anakwera basi ngati anzake ambiri. Anapeza ntchito kukhitchini ya lesitilanti ina yophika nyama ndi za m'nyanja mwa kaphikidwe ka ku America. Tsiku lake lopuma anabwera kudzanditenga. "Aphunzitsi, lero mukadya kumene ndimagwira ntchito. Chikwama chanu musachikhudze."

Ine ndinkaganiza kuti barbecue ndi kanyenya wovala taye basi. Ayi ndithu. Kanyenya wathu, ngakhalenso braai ya eni dzikolo, ndi nyama ya pa moto waukali, mphindi zochepa yapsa. Ya ku America saiika pa moto penipeni. Nkhuni zimayaka mbali ina, nyama ili mbali ina m'chimgolo chotseka, ndipo imapsa ndi utsi ndi kutentha kochepa, cha m'ma 110 digiri. Nthiti za nkhumba zimatha maola 5 kapena 6. Chidale cha ng'ombe, chimene amachitcha brisket, chimatha maola 10 mpaka 12, nthawi zina kupitirira. Nyamayi ndi yolimba, ya mitsempha yambiri, koma ikakhalitsa pa moto wofatsa mitsempha ija imasungunuka, nyama n'kumachoka pa fupa ndi chala chokha.

Kwawoko dera lililonse lili ndi kakonzedwe kake. Ku Texas amanyadira ng'ombe, ku North Carolina nkhumba yothira viniga, ku Kansas City msuzi wotsekemera wa tomato. Liwu loti barbecue linachokera kwa anthu a mtundu wa Taino a ku Caribbean: barbacoa linali thandala la mitengo, longa limene asodzi athu amayanikapo usipa. Ndipo m'madera a kummwera kwa America, amene ankachezera usiku kusonkhezera moto wa nyamayi nthawi zambiri anali akapolo ochokera kuno ku Africa. Lero anthu akulipira ndalama zankhaninkhani kuti alawe luso lawo.

Mbale itabwera ndinaseka. Pambali pa nthiti panali chimene menyu inkati cornbread. Anzanga, chinali chigumu chenicheni! Panalinso chimanga chophika ndi kabichi wosaphika wothira mayonezi. Mbale yachiwiri inali ya za m'nyanja: nsomba yotchedwa hake, imene imagwidwa m'madzi omwe aja a Benguela, ndi maprawn, timene ndinatiyang'ana kaye kawiri chifukwa tikuoneka ngati dzombe lalikulu. Ku Joni maprawn a ku Mozambique ndi otchuka, ena amawatchabe LM, dzina lakale la Maputo, Lourenço Marques. Kukoma akukoma, koma chambo sachipeza. Chinandisangalatsa n'choti foloko inalibe ntchito. Azungu ndi akuda omwe, aliyense manja ali noninoni, kuphwanya mafupa ngati kwathu.

Bilu sanandionetse. Ndinangoona akuwonjezera ya woperekera zakudya, chifukwa kumeneko ndi mwambo kuikapo 10 peresenti. Mtima wanga sunakhazikike. Mwana amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, lero akuwononga pa ine? Anandiona nkhope n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nyama mwadyayi ndinaiika pa utsi ndine dzulo. Ndimafuna muichonge." Ndinamupatsa distinkishoni pomwepo.

Ndinamufunsa kumene anaphunzira. Akuti anayamba ndi kutsuka mbale. Tsiku lina anauza mkulu wa kukhitchini kuti nkhuni zimene abweretsa n'zaziwisi, utsi wake uwawitsa nyama. Anamuseka, koma nyama inawawadi. Kuyambira pamenepo moto anamusiyira iye. Zimenezi anazidziwira kwa agogo ake aakazi ku Nkhotakota, amene ankawamba nsomba iye ali wamng'ono, akumutuma nkhuni ndi kumukalipira moto ukakula. Luso limene likumudyetsa lero, ndi kulipirira fizi alongo ake awiri, silinabwerepo pa pepala la MANEB.

Funso langa ndi ili. Zotsatira zikatuluka timathamangira kwa a mapointi 6 kapena 10, ndipo n'zoyenera, anakhetsa thukuta. Nanga enawo, amene ndiwo ambiri m'kalasi iliyonse, timawauza chiyani pa tsiku lotsanzikana? TEVETA ilipo kuyambira 1999, Malawi Institute of Tourism ilipo, koma ana ambiri amamva za malo amenewa mochedwa, ndipo amazimva ngati chipepeso cha wolephera. Tsono mwana amakaona kufunika kwa manja ake atawoloka malire atatu, kudziko la eni, kumene mlendo sagona tulo tosatekeseka.

Sindikunena kuti ana asiye mabuku akawambe nsomba. Mnyamatayu amawerenga maoda m'Chingerezi, amawerengetsa makilogalamu ndi maola, ndipo zimenezo anazitenga kusukulu. Ndikunena kuti tizifunsa ana athu zimene amadziwa kale kuchita kunyumba, ndi kuwasonyeza njira yopita nazo patsogolo asanachoke pakhomo pathu. Ine teremu iliyonse ndimapatula piriyodi imodzi ya zimenezi ndi a Fomu 4. Yesani nanunso, muone zimene ana aziyankha.

Inu ana anga amene muli ku Joni, ku Cape Town ndi kwina, kaya muli kukhitchini, kaya m'galaja, kaya m'maluwa, musamabisale mukamva kuti mphunzitsi wanu wafika. Ife timakondwa kukuonani.