Munthu Amene Anayendetsa Mafupa

M'chaka cha 1933 mnyamata wina wa zaka pafupifupi 13, Ray Harryhausen, anakaonera kanema wotchedwa King Kong mumzinda wa Los Angeles ku Amereka. Chinyani choopsa chimene chinkakwera nyumba zosanja m'kanemamo sichinali chamoyo ayi. Chinali chidole chosafika n'komwe m'chiuno mwa munthu. Katswiri wina, Willis O'Brien, ankachisuntha pang'ono n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kuchisunthanso, n'kujambula china. Zithunzi zotere zikamadutsa 24 pa sekondi imodzi, maso amanyengeka n'kuona ngati chidolecho chikuyenda chokha.

Mnyamatayo atabwerera kwawo mtima sunakhale m'malo. Anadula chikhoti chaubweya cha amayi ake n'kupangira chimbalangondo, ndipo m'kupita kwa nthawi abambo ake anayamba kumusulira tizitsulo ta m'kati mwa zidole, amayi ake akusoka tizovala. Tsiku lina anakaonetsa O'Brien chidole chake cha chinyama chamakedzana. Mkuluyo sanamunyengerere: anamuuza kuti miyendo yake ikuoneka ngati masoseji, choncho akayambe waphunzira m'mene minofu ndi mafupa zimagwirira ntchito. Ray anamvera, ndipo awiriwa anadzagwirira ntchito limodzi pa kanema wa Mighty Joe Young wa 1949.

Vuto lalikulu linali lakuti chidole chingaoneke bwanji pamodzi ndi anthu enieni popanda kuononga ndalama zambiri. Atayesayesa anapeza njira imene pambuyo pake inatchedwa Dynamation. Ankayamba wajambula anthu ochita seŵero. Kenaka zithunzi zawo ankazionetsa chimodzichimodzi pa kansalu kumbuyo kwa chidole. Pakati pa kamera ndi chidolecho ankaikapo galasi lopakidwa utoto wakuda chakumunsi, kuti mbali imeneyo ya filimu ikhale yosajambulika. Akamaliza kusuntha chidole ankachichotsa, n'kubweza filimuyo m'mbuyo, n'kuphimba mbali yakumwamba, n'kujambula yakumunsi ija. Potero chidole chinkapezeka pakati pa chithunzi, ngati kuti chaimadi kuseri kwa mwala kapena kwa nyumba. Njirayi anaigwiritsa ntchito mu The Beast from 20,000 Fathoms mu 1953.

Luso lakeli linafika pachimake mu Jason and the Argonauts, kanema wa 1963. M'menemo mafupa a anthu 7 amatuluka m'nthaka atanyamula malupanga ndi zishango n'kumenyana ndi amuna atatu. Amunawo anajambulidwa akutema mphepo chabe. Ray yekha ndiye ankasuntha mitu, manja ndi miyendo ya zidole zonse 7, kuti lupanga lililonse likumane ndi linzake pa chithunzi choyenera. Masiku ena ankajambula zithunzi 13 zokha, zimene zimatha m'theka la sekondi. Nkhondo ya mphindi zochepa imeneyi inamudyera miyezi inayi ndi theka. Akadaiwala kumene dzanja limodzi limaloŵera, thukuta la masiku ambiri likadapita pachabe. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku ano ntchito ya galasi ndi utoto ija imachitika pa kompyuta, mwinanso pa foni yam'manja. Wophunzira amene anazoloŵera kuumba ng'ombe zadothi angathe kuziyendetsa mwa njira yomweyi, ndipo pokonza kanema wake angafufute waya wochirikiza chidole, angasinthe mitundu, angaonjezere utsi kapena mphezi. Akalakwitsa amangobweza n'kuyesanso, mwayi umene Ray analibe, pakuti iye ankaona zotsatira filimu ikatsukidwa. Kuyesa koteroko n'kwabwino. Dynamation yomwe inabadwa m'kuyesayesa.

Komabe pali msampha. Zokometsera zikamapezeka mosavuta, munthu amakopeka kuti abise nazo ulesi. Chidole chikamayenda modumphadumpha chifukwa mwini wake anachisuntha mothamanga, utsi ndi kuwala sizingachipatse moyo. Chimangokhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matsenga a Ray ankagwira mtima chifukwa ankatumikira chinthu chimene chinali chamoyo kale m'manja mwake. Fupa lake linkazengereza lisanateme, linkatembenuza mutu ngati likuganiza, ndipo zimenezi sanazipeze pa galasi koma poyang'anitsitsa zolengedwa, monga anamulangizira O'Brien.

Kanema wake womaliza, Clash of the Titans, anatuluka mu 1981, ndipo iye anamwalira ku London mu 2013. Zipangizo zimene ankagwiritsa ntchito zinatha kale fasho, koma mafupa aja anthu akuwaonerabe. Wofuna kutsata mapazi ake ayambe waphunzitsa chidole chake kuyenda. Zokometsera zidze pambuyo.