Kwa mphwanga wodula matayala pa Malomo

Mphwanga,

Amayi andiuza pa foni kuti wabwereka khonde la sitolo pa Malomo, cha pamene amaima maminibasi a ku Kasungu ndi ku Nkhotakota, ndipo wayamba kusenda matayala kuti usokere ana asukulu nsapato zothamangira. Iwenso wandifunsa ngati zimenezi ndi misala monga akukunenera anzako. Si misala ayi. Ndakondwa kwambiri, ngakhale kamtima kakugunda.

Luso limeneli ndi la pamtundu pathu. Agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi mawailesi, iwo anabwera ndi mpeni wopindika ndi dzanja lodziwa tayala. Oyendetsa ngolo za fodya kuyambira kwathu mpaka ku Mponela ankavala nkhwaila zawo, zaka n'kumatha chidendene chisanadyeke. Agogowo atatisiya, chaka cha njala chija, amalume aakulu ananyamula bokosi lonse la zida n'kukagulitsa kuti alipire mlandu wa mbuzi za eni. Amayi sanaiwale. Ukakumana nawo amalumewo uwapatse moni mwaulemu, koma asadziwe pamene umasunga ndalama.

Anzako okusekawo uwauze kuti nsapato zamasewera zinabadwira kwa anthu a mphira. Charles Goodyear ndiye anapeza njira yophika mphira ndi sulufule kuti isamanyate dzuwa likatentha, nalembetsa nzeruyo mu 1844. Ku Italy, Vitale Bramani ataferedwa anzake asanu ndi mmodzi pokwera mapiri mu 1935, anati vuto ndi nsapato. Anapita kwa a Pirelli, opanga matayala a galimoto, ndipo mu 1937 kunatuluka chopondera cha mano akuluakulu chimene lero chimatchedwa Vibram. A Adidas nawo amatenga mphira kwa a Continental, amatayala omwewo, ndipo Patrick Makau wa ku Kenya anaiponda mphira imeneyo mu 2011 ku Berlin, pamene anatha mtunda wa marathon pa maola awiri, mphindi 3 ndi masekondi 38, liwiro limene munthu anali asanalifikepo. Agogo ankachita zomwezi, kungoti analibe wowalemba m'nyuzipepala.

Ena anakaba nzeru kutali koposa apa. Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga ku Oregon, mu 1971 anathira mankhwala a mphira m'chiwaya cha akazi ake chootchera zitumbuwa zachizungu zotchedwa waffle, pofuna timano timene tingagwire pansi koma osalemera. Chiwayacho chinawonongeka, Nike n'kulemera. (Cha amayi usachiyerekeze.) Frank Rudy, injiniya wa za ndege ndi zombo za m'mlengalenga, ndiye anawabweretsera a Nike omwewo kathumba ka mpweya koika kuchidendene. Zimene anavala Eliud Kipchoge ku Vienna mu 2019, potha marathon maola awiri asanakwane, zinali ndi kaboni wouma m'kati, wa mtundu umene amapangira ndege ndi galimoto zampikisano. Zinavuta mpaka a World Athletics analamula mu 2020 kuti chopondera cha nsapato ya pamsewu chisapitirire mamilimita 40 kukhuthala kwake.

Tsono tamvera. Onsewa ankalimbana ndi kulemera, ndipo tayala n'lolemera. Nkhwaila ya agogo inali ya munthu woyenda pambuyo pa ng'ombe, osati ya mwana wothamanga. Komanso matayala a nthawi yawo anali ndi ulusi m'kati, umene timasolola kukhala linya. Ambiri a galimoto a masiku ano ali ndi waya wachitsulo: amabunthitsa mpeni, ndipo akatulukira amalasa phazi. Funa a njinga zamoto za akabaza, ndi opyapyala, amapindika, ndipo pa Malomo sasowa. Uzisenda mpaka ukatha kupinda chopondera ndi dzanja limodzi pamene zala zimapindikira. Guluu yekha usamukhulupirire, soka ndithu. Pakati ikapo kanthu kofewa, ngakhale patapata wakale. Uyese pa sikelo ya ogula soya, zakumanzere ndi zakumanja zilemere mofanana. Ukatero zivale wekha mvula itagwa, utsike nazo chitunda cha dothi lofiira loterera lija la kwathu ku Ntchisi. Ukagwa, wagwa iwe, osati mwana wa mwini. Ndipo chizindikiro cha Nike kapena mizere itatu ya Adidas usazijambulepo. Za pa kaunjika zimene uzipikisana nazo zili nacho chenicheni, ungodzichotsa ulemu.

Paja ndamva kuti mwana wa azakhali wabwerako ku banja kachiwiri, ati mwamunayo anagulitsa mtedza wonse n'kukagula sipika ya pa ukwati imene siilira. Azakhaliwo akuti ndi zamatsenga, pamene mudzi wonse unawachenjeza chinkhoswe chisanachitike. Alamu akonso akuti akufuna kuima pa ukhansala. Ndi chiyani? Ngongole yanga ya feteleza sanabweze. Akabwera pa khonde lakolo kudzatenga nsapato kuti adzalipira fodya akagulitsidwa ku Kanengo, uwauze kuti mwini wake wa malonda ndine ndipo ndakana.

Za aphunzitsi amasewera amene akufuna mapeya a timu yonse, uyambe ndi ana awiri kapena atatu, athamange nazo mwezi wathunthu, uone pamene zikudyeka ndi pamene zikutulutsa matuza. Mwana amene wakula akuthamanga osavala, monga Abebe Bikila anapambanira ku Rome mu 1960, ali ndi zala zotambasuka, choncho kutsogolo usapanikize. Lemba phazi lake pa katoni, usadalire nambala ya m'sitolo.

Guluu ndi ulusi wolimba nditumiza kumapeto kwa mwezi pa minibasi ya m'mawa. Iwe unditumizire peya imodzi, nambala 8, ndiyese kuno. Upereke moni kwa amayi, uwauzenso kuti za mankhwala awo a miyendo sindinaiwale.

Ndine mkulu wako,
ku Lilongwe