Chitseko cha Sienta chinandiphunzitsa kudikira

Fizi yanga ya ku Mzuni imachokera m'galaja ya malume ku Luwinga, koma ntchito yawoyo ndinkaiona ngati ya anthu amene sukulu inawakanika. Holide yapitayi anandipatsa chitseko cha Sienta chong'ambika m'munsi kuti ndiwotcherere. Pofuna kuonetsa changu, ndinawotcherera mzere wonse ulendo umodzi. Chitazizira, chitsekocho chinali chitapindika, osatsekekanso.

Malume sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, lata ya galimoto siikwana n'komwe milimita imodzi. Ikatentha imafutukuka, ikamazizira imakhwinyata n'kukoka malo onse oyandikira."

Kenako anandionetsa kachitidwe kake. Umachepetsa moto pa makina, n'kuwotcherera kadontho kamodzi, kena n'kukaika patali. Umadikira mpaka pazizire poti n'kugwirapo ndi dzanja, ndiye n'kubwerera kudzatseka mipata. Kuseri umagwiriziza kachidutswa ka kopa kuti kazimwa kutentha. Pomwe ndinawonongapo anagogoda pang'onopang'ono ndi hamala, atatsamiritsa chitsulo kuseri, mpaka pokhwinyatapo panatambasuka.

Tsiku lonse linathera pamenepo. Mwini galimotoyo, amene amadyera kunyamula anthu m'tauni, sanagwire ntchito, ndipo malume anamuchotserako mtengo. Ndalama imeneyo inali yopita ku fizi yanga.

Ife a pa yunivesite timanyada kuti timaphunzira kuganiza. Koma munthu amene amadziwiratu komwe kutentha kulowere asanayatse makina nayenso akuganiza. Kusiyana kwake n'koti iye akalakwitsa salemba sapu, amalipira za m'thumba.