Mano a Macheka Anga

Namondwe Freddy atadutsa m'mwezi wa Marichi 2023, adatisiyira mibulugamu iwiri itagona pakhola la mbuzi la amayi kwathu ku Chiradzulu. Nkhwangwa ndidaiyesa masiku atatu, koma chomwe ndidapindula ndi matuza m'manja. Apo m'pamene ndidatsimikiza zogula macheka a injini, ine munthu woti chibadwire ndinali ndisadawagwirepo.

Poti safunsa adadya phula, ndidayamba ndakaonana ndi amalume, omwe adathera unyamata wawo akucheka paini ku Chikangawa. Mtima wanga udali pa chimakina chachikulu, chija chikalira mudzi wonse umadziwa kuti kwagwa mtengo. Amalume adangoseka.

"Mphwanga, ukufuna makina kapena ukufuna kutchuka? Gula oti ungawanyamule tsiku lonse osanjenjemera mkono."

Ndidawamvera, ngakhale monyinyirika. Ku Limbe ndidagula aang'ono, a injini ya 30 cc, olemera pafupifupi makilogalamu 4, ndipo lilime lake lachitsulo, lomwe tcheni imazungulirapo, n'lotalika masentimita 35. Adandilangizanso kuti ndisankhe mtundu womwe zipangizo zake zimapezeka, monga Stihl kapena Husqvarna, ndi kuti ndionetsetse kuti buleki ya tcheni ikugwira ndisanapereke ndalama.

Phunziro loyamba lidali la mafuta. Injini yotere ilibe thanki ya oyilo wa mkati ngati galimoto. Oyilo wake wapadera amasakanizidwa ndi petulo, mamililita 20 pa lita imodzi. Mukathira petulo yekha, injini imauma n'kufa tsiku lomwelo. Palinso kathanki kachiwiri ka oyilo wofewetsa tcheni, ndipo lamulo la amalume lidali lakuti ukathira kwina uthirenso kwinako.

Tsiku loyamba zidayenda ngati maloto. Nthambi yomwe idandilaka ndi nkhwangwa idaduka ndisanameze n'komwe malovu. Anthu adaunjikana, ana akutseka makutu, ine mapewa m'mwamba. Tsiku lachiwiri ndidalola tcheni kukhudza dothi kangapo. Sindidadziwe kuti mchenga umabunthitsa mano m'kanthawi kochepa. Makina adayamba kutulutsa fumbi losalala ngati ufa m'malo mwa tizipalapala, ndipo m'malo moima, ine ndidayamba kukanikiza ndi mphamvu.

Ndiye zidachitika. Nsonga ya lilime idagunda nthambi ina yobisika m'masamba, makina n'kudumphira kumaso kwanga. Dzanja lamanzere lidagunda chotchinga cha kutsogolo, buleki n'kugwira, tcheni n'kuima. Ndidakhala pansi miyendo ili zii. Amayi, omwe ankaonerera pakhonde, sadakuwe ayi. Adangoti, "Mwanawe, mbuzi zisandidyere mwana," n'kulowa m'nyumba.

Madzulo ake amalume adafika ndi tupa wozungulira wa mamilimita 4 m'thumba la jekete. Sadandikalipire. Adandikhazika pamphasa, makina pakati pathu, n'kuyamba kunola dzino limodzilimodzi: tupa akukankhira kunja kokha, mopendeketsa madigiri 30, kukwecha kofanana pa dzino lililonse. Atamaliza mbali imodzi adandipatsa tupa uja kuti mbali inayo ndinole ndekha.

"Amavulaza munthu ndi macheka obuntha," adatero, "chifukwa amakuchititsa kulimbana nawo. Akuthwa amadya okha. Ndipo nsonga ija, makamaka chakumtunda kwake, usadzachekerenso."

Kuyambira tsikulo ndili ndi mwambo wanga. Ndisanalize makina ndimakoka tcheni ndi dzanja, injini ili yozizira, kuona ngati yakhwefuka kapena yathina. Ndikathira mafuta ndimanolako pang'ono. Ndikaweruka ndimachotsa utuchi pa sefa ya mpweya ndi m'ngalande ya lilime, ndipo nthawi zina ndimalitembenuza kuti lisadyeke mbali imodzi. Petulo wosakaniza sindimusunga kupitirira mwezi. Jombo, magalasi ndi zotseka m'makutu sindiziiwala, ndipo sindicheka chilichonse chopitirira mapewa anga.

Anzanga amati ndimataya nthawi, chifukwa kukonzekera kumanditengera mphindi zambiri kuposa kuchekako. Mwina akunena zoona. Koma ndaona kuti mphindi zimenezo n'zomwe zimandipatsa mpata wofunsa ngati mtengo womwe ndaulozawo uyeneradi kugwa. Yense wokwera basi kuchoka ku Limbe amaona yekha m'mene mapiri athu ayerera, ndipo Ndirande yemwe akuluakulu amati adali wa nkhalango lero ndi miyala yokhayokha. Nkhwangwa inkatopetsa munthu asanawononge zambiri. Makinawa satopa.

Mwezi wathawu mnansi wina adandipempha kuti ndimugwetsere mbawa ya m'mbali mwa mtsinje, akuti andilipira bwino. Ndidamuuza kuti tcheni yabuntha. Tupa adali m'thumba mwangamu, koma sindidamutulutse.